Nthanga za Dzinkambani

Kalekale, m'mudzi mwathu muno, mibawa ya kumtsinje isanadulidwe, munali munthu wina dzina lake Gwirize.

Umu ndi momwe anayambira malume athu a Yotamu m'mawa wina wa mwezi wa Juni, tikuotha moto pakhonde chifukwa cha chisanu cha kuno ku Dedza. Tinali titaswa maungu, tikuchotsa nthanga zosunga. Mdzukulu wawo Velina ndiye anafunsa chifukwa chake maungu athu ofiira m'katiwa timawatcha a Dzinkambani. Malumewo anatisiya chaka chatha, Mulungu awalandire. Ine ndinali pomwepo, ndipo ndalemba monga ndinamvera. Pamene ndaiwala sindinaikepo zanga. Kuyambira pano mawu ndi awo.

Gwirize ameneyu, ana inu, anabadwa wolumala mwendo wakumanja. Kumunda sankalimba, kuuzimba sankapita. Dziko lake linkathera kumtsinje uko ndi kunsungwi za kuseri kwa phiri. Ntchito yake inali kuluka. Malichero ankaluka, madengu ankaluka, nsengwa ankaluka. Koma chimene anatchuka nacho si madengu ayi. Anatchuka ndi pakamwa.

Nthano zimene tonse tinazipeza, iye ankazidziwa. Koma sizinkamukwana. Ankapeka zakezake, zatsopano, zoti khutu la munthu silinamvepo. Ankazitenga kuti, munthu wosayenda? Ndikufunsani inu, ankazitenga kuti?

Mlendo akafika pamudzi, anthu ankamufunsa zazikuluzikulu, za nkhondo, za njala, za mvula. Gwirize ayi. Iye ankadzikoka ndi ndodo yake, kukhala pafupi, n'kuyamba: "Kwanuko atambala amalira ngati akuno? Akazi akamasenza mtsuko, nkhata yake imakhala ya udzu kapena ya masamba? Mwana akagwa, amake amati chiyani?" Mlendo mpaka kutopa. Akachoka, Gwirize ankakhala chete masiku awiri, atatu, manja ali pansungwi, milomo ikugwedezeka yokha. Ukamulankhula ankati, "Taimani kaye, m'mutu muno muli alendo." Tsiku lachinayi madzulo, nthano ija yatuluka, ndipo munthu womva ankalumbira kuti Gwirize dziko limenelo anagonako.

Tsono Gwirize anali ndi mlongo wake wamkulu, Nambewe. Ife tonse tili pano tinatuluka mwa mayi ameneyo. Awiriwa ankakondana, koma chikondi chawo chinali cha minga. Nambewe akamudutsa akuluka ankati, "Iwe, mwendo unakana ulendo, ulendo wonse unathawira kukamwa."

"Alongo," ankayankha Gwirize, "inu miyendo muli nayo iwiri, koma kutali kumene munafikako ndi kuchitsime."

"Wabodza iwe!"

"Woluka, alongo. Woluka."

Nambewe anali ndi ana awiri, wamkazi ndi wamwamuna. Wamwamunayo ndiye Dzinkambani. Anali mnyamata wamsinkhu, woti akwatire chaka chomwecho, wamtali, wamanzere, woseka msanga. Koma mantha! Munthu wandevu ameneyo akaona bilimankhwe panjira ankakazungulira kumunda kwa eni. Amake mano anali atatha msanga, ndiye iye akamakazinga chimanga ankayamba wawasinjira chawo. Mudzi wonse unkamuseka, iye n'kumaseka nawo.

Masiku amenewo mchere sunkapezeka pafupi. Anthu akakolola, amuna ankasenza makasu n'kutsika mapiri, ulendo wa kuchigwa cha Shire, kukasinthanitsa ndi mchere. Chaka chimenecho Dzinkambani anapita nawo koyamba. Wotsogolera anali Kaphata, munthu wolimba, wodziwa njira, koma wouma pakamwa ngati chikuni.

Mwezi unatha. Wachiwiri unatha. Dzuwa litayamba kuwawa, a ulendo aja anatulukira pamphambano. Anapita asanu ndi awiri, anabwera asanu ndi mmodzi.

Kaphata anatula mtolo wake, anakhala pansi pamaso pa Nambewe, nati, "Anadwala m'njira. Tinamusiya pamudzi wina kuti tidzamutenge pobwerera. Pobwerera tinapeza manda." Anatulutsa kathumba kachikopa ka mnyamatayo, n'kukaika pansi. Basi. Mawu ake anathera pomwepo.

Nambewe sanalire. Mwamva? Sanalire. Anamuyang'ana Kaphata nati, "Mwana ndinamusenza miyezi isanu ndi inayi, iwe wamubweza m'mawu atatu? Anadwala, tinamusiya, manda. Ameneyo ndiye mwana wanga?" Kathumba kaja sanakakhudze. Mwana wake wamkazi ndiye anakatola n'kukakoleka kudenga.

Mwambo wathu unali wakuti munthu akafera kutali, abale amadula thunthu la nthochi, kulikulunga mumphasa, n'kuliika m'manda m'malo mwake. Akatero anthu amalira, amameta, mtima umakhala pansi. Wokonza zimenezi anali Gwirize, poti ndiye mwini mbumba, malume wake wa malemuyo. Koma atapita kukanena, Nambewe anati, "Mukafuna kuika nthochi, ikani nthochi yanuyo. Ine sindinabale nthochi."

Kuyambira tsiku limenelo, tambala akalira, Nambewe ankanyamuka kukakhala pamphambano, patsinde pa msuku, maso ali kunjira yotsikira kuchigwa. Kucha, ali pamphambano. Kucha, ali pamphambano. Phala ankalawa kamodzi n'kukankha. Munda wake sanasose. Mitambo inayamba kusonkhana, anzake akupanga mizere, iye ali pamphambano. Mafupa a m'khosi anayamba kuonekera, ndipo madzulo ankachita kumugwirira pobwerera kunyumba. Aliyense ankaona kuti mvula ikamadzagwa, maliro adzakhala awiri.

Anthu ena anabwera kwa Gwirize. "Iwe pakamwa uli napo. Kamuuze kuti wamva kwa mlendo kuti mwana ali moyo, anakwatira kuchigwa. Adya."

Gwirize anapukusa mutu. "Bodza limenelo ndi mwana wakhanda, lifuna kuyamwitsidwa tsiku lililonse. Mawa adzati, nanga sabwera bwanji? Mkuja adzati, ndiperekezeni. Ine mlongo wanga sindimunamiza. Koma chimene chikumupha ndachiona. Sakumuona mwana wake. Pakati pa 'tinamusiya' ndi 'manda' pali dzenje, ndipo iye wagweramo. Ndimulukira pokwerera."

Madzulo a tsiku lomwelo, dzuwa lili pamutu pa phiri, anthu anasonkhana pabwalo la Nambewe. Anthuwo anamukhazika Nambewe pamphasa. Gwirize anakonza kukhosi.

"Padangokhala!"

"Tilitonse!" anayankha anthu. Nambewe yekha ndiye anali duu.

Ana inu, Gwirize anapeka tsiku limenelo! Anati Dzinkambani atachira pamudzi paja, kunabwera mkango wogwira anthu. Amuna onse anathawa. Dzinkambani anatola mkondo, analimbana nawo kuyambira m'mawa mpaka masana, anaupha, koma mabala anamugonjetsa. Anamuika ndi ng'oma, mudzi wonse ukuimba dzina lake. Mawu ankachita kuthamanga okha. Amuna ankamenya pansi ndi ndodo, akazi kululuta.

Atamaliza, Nambewe analavula pansi.

"Ameneyo ndi mwana wa yani?"



"Ndikufunsa iwe, Gwirize. Mwana wa yani? Wanga ankathawa bilimankhwe. Wanga akamva fisi ankatsekera chitseko ndi mtondo. Kaphata anandibwezera mawu atatu, koma anali a mwana wanga. Iwe wandibweretsera mlendo, wamuveka dzina la mwana wanga. Wandiberanso kachiwiri."

Anadzuka yekha, osafuna womugwira, n'kulowa m'nyumba. M'mawa mwake ngakhale kulawa phala kuja analeka.

Analakwa pati Gwirize? Velina, analakwa pati? Kodi mawu anali oipa? Ayi, mawu anali okoma. Koma analuka dengu lokongola lopanda pansi. Analuka zoti anthu aombe m'manja, osati zoti Dzinkambani alowemo. Iye mwini anazindikira. Anakhala pakhonde pake, mpeni uli m'manja, osapala nsungwi ngakhale imodzi. Kenaka anati, "Ndinafunsa alendo za atambala akwawo, koma za mphwanga sindinafunse munthu. Ndinayesa ndikumudziwa."

Anatola ndodo, ulendo wa kumunda kwa Kaphata. Kwa inu ndi pafupi, kwa iye unali ulendo wa m'mawa wonse. Anamupeza akupanga mizere.

"Kaphata, mudzi umene munamusiyawo unali wotani?"

"Mudzi."

"Nyumba zake?"

"Nyumba."

"Iwe, amako anakuyamwitsa mawu owerenga? Munamugoneka pati?"

Kaphata anaimika khasu. "Pansi pa mtengo."

"Mtengo wanji?"

"Bwemba."

"Eya, tayamba kuyenda. Anakulandirani ndani?"

"Nkhalamba ina yaikazi. Ya diso limodzi."

"Inali ndi ana?"

"Inkakhala yokha."

"Pakhomo pake unaonapo chiyani? Usaganize zazikulu. Chimene diso lako linagwerapo."

Kaphata anakanda m'mutu. "Nkhuku. Mtondo wong'ambika. Maungu padenga, ambiri, aatali makosi. Kwathu kuno kulibe otero."

"Nanga pochoka, mnyamatayo anati chiyani?"

Apa Kaphata anakhala pansi pamzere.  "Anaseka. Anati, 'Pitani akulu, mchere ungathe. Ine ndikhala ndikulondera nkhukuzi.' Ine ndinamusiya, Gwirize. Pobwerera nkhalamba ija inafuna kundifotokozera zonse, koma ndinalanda kathumba n'kuthawa. Manyazi. Sindinafunse kanthu."

Gwirize anamugwira paphewa. "Wandipatsa nsungwi zokwanira. Lima."

Pobwerera anadzera kwa mwana wamkazi wa Nambewe, nati amutsitsire kathumba kaja. Anakamasula pakhonde pake. Munali kampeni. Munali mkuzi. Ndipo munali kamtolo kakang'ono, kokulunga m'makoko a chimanga, komanga ndi luzi.

Wina akanangodula luzilo. Koma Gwirize anali woluka, ndipo woluka amayamba wayang'ana mfundo. Mfundo ija inali yokhotera kumanzere. M'mudzi monse munthu womanga chotero anali mmodzi yekha, ndipo Gwirize anamukalipirapo kambirimbiri pomuphunzitsa kumanga mkombero wa lichero. Inalinso yolimba, yokoka ndi zala zamphamvu. Anamasula mbali imodzi pang'onopang'ono, osaononga mfundo, n'kusuzumira. Munali nthanga za maungu, zouma bwino, zopaka phulusa.

Ndikufunseni, inu mukuchotsa nthanganu. Munthu wofuna kukazinga nthanga amazipaka phulusa? Ayi! Phulusa ndi la mbewu, kuti anankafumbwe asadye. Ndipo nthanga siziuma tsiku limodzi. Ndiye kuti mnyamata uja anakhala masiku, maso ali otsegula, manja akugwira ntchito, mtima uli kumunda wina wake. Munda wa yani?

Gwirize anatola nsungwi n'kuyamba kuluka lichero. Milomo inayamba kugwedezeka. Mphwake wamkazi uja akabwera ndi chakudya ankamumva akudzifunsa yekha. "Wagona pansi pa bwemba. Kukutentha. Akuona chiyani? Akuopa chiyani? Nkhalamba ikubwera, ikuti chiyani? Ayi, singatero, munthu wokhala yekha salankhula zambiri. Bwerera." Akafika posadziwa, sankakakamiza. Ankaika lichero pansi, kutseka maso, n'kudikira. Mtsikanayo anati, "Malume, amayi akutha. Fulumirani." Iye anati, "Ndinafulumira dzana, unaona chimene ndinabweretsa. Ndikudikira mwini wake abwere. Akabwera ndimudziwa ndi mayendedwe."

Tsiku loyamba, palibe. Lachiwiri, palibe. Lachitatu masana anthu anamva Gwirize akuseka yekha pakhonde, kuseka kwenikweni, mpaka kugwira m'mimba. Atathamangirako anapeza misozi ili mbwembwembwe. Anati, "Wafika. Wopusa uja wafika."

M'mawa mwake, dzuwa litangotuluka, anadzikoka mpaka pamphambano. Nambewe anali atatsamira msuku, maso ali kunjira. Gwirize anakhala pambali pake, naye maso kunjira. Panalibe munthu wina.

"Padangokhala."

Nambewe osayankha.

"Padangokhala."

"Wapenga? Nthano masana? Umera nyanga."

"Zimere. Ndizikolekapo madengu. Padangokhala."

Duu.

Mukudziwa inu kuti nthano sinenedwa popanda woyankha. Wonena akati padangokhala, womva akapanda kuti tilitonse, nthano imafera pakamwa. Gwirize anadikira. Dzuwa linakwera, mthunzi wa msuku unasuntha, iye ali chidikirire. Kenaka anati, "Alongo, ine ndimayenda ndi mwendo umodzi, koma nthano siitha kutero. Mwendo winawo muli nawo ndinu."

"Ukandibweretseranso mkango, ndikuswa ndi ndodo yakoyo."

"Mulibe mkango. Muli bilimankhwe."

Nambewe anatembenuka. Kwa nthawi yoyamba anachotsa maso kunjira. Anamuyang'ana mlongo wake nthawi yaitali, ndipo ndi mawu ang'onoang'ono, ouma, anati, "Tilitonse."

"Panali mnyamata wina wamtali, wamanzere. Anzake anamusiya pansi pa bwemba, pakhomo pa nkhalamba ya diso limodzi. Thupi linali moto. Anzakewo atapita, iye analeka kuseka, chifukwa kuseka kuja kunali kowathamangitsa kuti asachedwe. Anachita mantha. Analira pang'ono, nkhope atabisa kumphasa kuti nkhalamba isaone."

"Tilitonse."

"M'mawa mwake akutsegula maso, panthambi ya pamwamba pa mphuno yake, bilimankhwe! Akubwera, mwendo kutsogolo, mwendo kumbuyo, diso limodzi lili pa iye. Munthu amene dzulo lake sankatha kudzutsa mutu anakwawa ndi mphasa yomwe mpaka kuseri kwa mtondo, akukuwa, 'Agogo! Agogo! Chilombo!' Nkhalamba inatuluka ndi munsi, kuyesa njoka. Itaona chilombo chake, inakhala pansi, inaseka mpaka kutsokomola. Inati, 'Mwana iwe, chifere mwamuna wanga sindinaseke chonchi. Usachoke msanga.'"

M'mphuno mwa Nambewe munatuluka kamawu, ngati kuseka, ngati kulira. "Ndi yemweyo. Chitsiru changa. Tilitonse."

"Nkhalamba ija inakwera pamtondo, inatsitsa dzungu padenga, lalitali khosi. Inaphika. M'kati mwake munali mofiira ngati dothi la katondo. Inamupatsa. Mnyamata anaika pakamwa, n'kungoti duu, osatafuna. Nkhalamba inati, 'Laipa?' Iye anati, 'Ayi agogo. Dzungu ili likusungunuka lokha. Ili ndi dzungu la munthu wopanda mano. Kwathu kuli wina.'"

Nambewe anagwira pakamwa pake. Tilitonse sanamveke, koma mutu unagwedezeka, ndipo Gwirize anaulandira.

"Anapempha nthanga. Anaziyanika palichero pafupi ndi mutu wake, ndodo ili kumanzere, akuingitsa nkhuku chogona. Tsiku loyamba, lachiwiri, lachitatu, ntchito yake inali imeneyo, ndipo nkhuku za pamudzipo zinamudziwa. Zitauma anapempha phulusa. Nkhalamba inati, 'Wakuphunzitsa ndani?' Iye anati, 'Ndinkaonera.' Anakulunga, anamanga, anakoka mfundo ndi mphamvu zake zonse. Atatero mtima wake unakhala pansi, mantha aja anachoka. Tsiku lomaliza sanali yekha. Nkhalamba inaika mutu wake pamiyendo, inamutembenuzira kumapiri a kwawo. Iye anati, 'Anzanga akabwera muwapatse kathumbaka. Akawauze amayi kuti...'"

"Walakwitsa."

Gwirize anaima.

"Walakwitsa pamenepo. Sakanati amayi. Mwana wopanda mwambo uja ankanditcha Nambewe, ngati ndine mnzake wosewera naye."

"Ndiye nenani inu, alongo. Anati chiyani?"

Nambewe anatseka maso. Milomo inagwedezeka, monga inkagwedezekera ya mlongo wake poluka. "Anati, 'Akamuuze Nambewe abzale m'mbali mwa chulu, asaumire mbewu monga amachitira. Ndipo asagawire anthu onse n'kutsala wopanda kanthu.' Anatero. Kenaka anaseka."

"Tilitonse," anatero Gwirize.

Apo ndi pamene anatulutsa kamtolo kaja n'kukaika m'manja mwa mlongo wake. Nambewe anapapasa mfundo ija ndi chala. Anaidziwa. Ananunkhiza phulusa. Ndipo kulira kumene kunakhala m'chifuwa mwake mwezi wathunthu kunatuluka. Anthu kuminda anaponya makasu. Anamva mpaka kutsidya kwa mtsinje kuti lero maliro a Dzinkambani afika pamudzi.

Atatopa kulira anatsamira phewa la Gwirize. Anati, "Iwe, zimenezi unaziona?"

"Ndi maso awa, ayi."

"Anakuuza ndani za bilimankhwe?"

"Palibe. Pamtengo wa bwemba sipalephera bilimankhwe, ndipo mwana wanu ndimamudziwa."

"Ndiye ndi bodza."

"Bwemba ndi woona, funsani Kaphata. Nkhalamba ndi yoona. Maungu, nkhuku, mfundo, phulusa, zonsezo nsungwi zenizeni. Ine ndangoluka, ndipo ndakuuzani poyamba kuti padangokhala. Mukaona kuti dengu silikugwira, tayani."

Nambewe anafumbata kamtolo kaja pachifuwa. "Likugwira," anatero. "Kadule nthochi yako. Ndipo uuze mwana uja andiphikire phala. Lisakhale lamadzimadzi ngati ladzulo."

Anabwerera kumudzi awiriwo, wopunduka ndi wofooka, ndodo imodzi. Akuti panjira ankakangana kuti akugwirira mnzake ndani.

Nthochi anaika, anthu analira, anameta. Kaphata ndiye anakumba manda, osalola wina kugwira khasu. Mvula yoyamba itagwa, Nambewe anabzala nthanga zija m'mbali mwa chulu, osaumira. Zinamera zonse kupatula ziwiri. Dzungu loyamba kukhwima analiphika yekha, analiswa, m'kati muli mofiira ngati katondo. Apo anadabwa, chifukwa za kufiirako Kaphata sananene, ndipo Gwirize anali asanalionepo. Anatenga chibenthu, ulendo kwa mlongo wake.

"Unadziwa bwanji kuti ndi lofiira?"

"Sindinadziwe. Ndinangoona kuti loyera silikumuyenera."

"Idya, wabodza iwe."

"Woluka, alongo."

Nambewe anakhala zaka zambiri, anaona zidzukulu ndi zidzukulutudzi. Ndipo mawu a mwana wake sanawamvere, chifukwa mbewu ija anagawira mudzi wonse.

Apa malume anaima, n'kusonkheza moto. Velina, dzungu lili m'manja, anati, "Agogo, ndiye zinachitikadi, kapena Gwirize anangopeka?"

"Dzungu lili m'manja mwakolo ndi lopeka?"

"Ayi. Koma inuyo, zoti anakangana panjira, zoti Kaphata anakanda m'mutu, munaziona?"

Malume anaseka mpaka kupukuta m'maso. "Mwana uyu ndi Nambewe weniweni! Sindinaone, mayi. Ndinalandira nsungwi kwa amayi anga, iwo kwa amayi awo. Kuluka ndaluka ndekha, ndipo ndakuuzani poyamba kuti kalekale."

Kenaka anatiyang'ana tonse, mawu anatsika. "Ndiye chifukwa chake m'banja mwathu muno mwana wolankhula yekha sitimukalipira. Timati ali ndi alendo, musiyeni. Koma akafuna kupeka, timamuuza za mkango wa Gwirize. Yamba wafunsa, yamba wamvetsera, yang'ana mfundo usanadule luzi. Munthu amene ukumupekayo usamuveke zimene iwe ukufuna, dikira abwere yekha ndi mantha ake. Ndipo usabise kuti waluka. Wabodza amafuna uiwale kuti pali dzenje, woluka amatsikira momwemo n'kukutulutsa. Ndiye chifukwa chakenso wathu akafera kutali, ku Joni kapena kuchipatala cha kutauni, wopita kumeneko sitimulola kubwera ndi mawu atatu. Timamutuma kuti akafunse tating'onoting'ono. Anagona pati? Anadya chiyani? Anaseka? Anali ndi yani? Amene watsala kunyumba amafuna poti agwire."

Anatola nthanga zodzaza dzanja, anazipaka phulusa la pamoto womwewo, anakulunga m'makoko a chimanga. Pomanga luzi anasinthira kudzanja lamanzere, monga timachitira tonse pa mbewu imeneyi, ngakhale mfundo yake imativuta. Anapatsa Velina.

"Yathera pamenepa. Kabzale m'mbali mwa chulu."

Chaka chatha, malume atatisiyira kuchipatala cha kutali, amene anapita kukatenga thupi anali Velina. Anabwera ndi nkhani ya masiku awo onse omaliza, mpaka mtundu wa kapu imene ankamwera tiyi ndi nthabwala imene anamuseketsa nayo namwino. Anafunsa aliyense, ngakhale wokolopa. Pamene panalibe womuuza, anatiuza kuti apa ndaluka. Tinalira, tinaseka, tinadya. Ndimayamika Mulungu amene anapatsa munthu wosayenda maso ofika kuchigwa, ndipo ndimapempha kuti mbewu imeneyi isathe pakati pathu. Maungu a chaka chino abereka bwino.